Mvera, Mponda ndi Kongwe: Mbiri Itiphunzitsanji pa Kubzala Mpingo?



Masiku ano m'dziko la Mfumu Msakambewa, ndiponso m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, munthu sayenda mtunda wautali osaona nyumba yopemphereramo. Pena ndi tchalitchi cha njerwa zootcha chofolera ndi malata, pena ndi chisakasa cha udzu, pena ndi mthunzi wa mtengo chabe pamene anthu adaikapo zipika zokhalira. Miphakati yathu ikukula ndi kugawika. Akristu a m'nthambi zina za maparishi akulakalaka tsiku limene adzakhale ndi wansembe waowao. Ndipo pambali pathu pakubadwa mipingo yatsopano ya maina osiyanasiyana. Tsono funso lakuti mpingo umayamba bwanji, ndipo nchiyani chimene chimaukhalitsa kapena kuugwetsa, likutikhudza ife tomwe. Mayankho ena ali pafupi, m'mbiri ya mapiri athu omwewa. Mbali ina ya mbiriyi ndi ya ife Akatolika, mbali ina ndi ya abale athu a CCAP, amene adatitsogolera kufika kuno. Tiimve yonse modekha, pakuti mwana wanzeru amatola phunziro ngakhale pakhomo pa mnansi.

MAULENDO AWIRI M'CHAKA CHIMODZI

M'zaka za m'ma 1880 dziko lino lidali pa chipwirikiti. Angoni a Mfumu Chiwere adali atakhazikika m'mapiri a Dowa, ndipo midzi yambiri ya Achewa idali pansi pa ulamuliro wao. Midzi ina idathawira pamwamba pa mapiri, ina idadzitchinga ndi malinga. Kunyanja malonda a akapolo ankadzera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndiponso kwa mafumu ena a Chiyao a kumwera. Mthenga Wabwino udali utafika kale m'madera ena: a mishoni ya Livingstonia adamanga ku Cape Maclear mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881, a Blantyre adayamba mu 1876, ndipo Aangilikani adakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. Koma m'mapiri a Dowa mudalibe sukulu kapena tchalitchi.

Pa 28 Novembala 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape, m'dziko la South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga msasa wao pa Mvera, m'dziko la Chiwere. Sadabwere m'dzina la boma lililonse. Ndalama zoyambira ntchitoyo zinkachokera ku kabungwe ka abusa anzao amene ankasonkha kuchokera m'matumba mwao. Murray adafika m'dziko muno mu 1888, ndipo adayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia kumpoto, kuona m'mene anzakewo ankagwirira ntchito, asanasankhe malo akeake.

Patangopita mwezi umodzi, pa 28 Disembala 1889, Abambo Oyera, a chipani chimene Kadinala Charles Lavigerie adachiyambitsa mu 1868, adafika kwa Mfumu Mponda, pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, pafupi ndi Mangochi wa lero. Adali ansembe atatu, Bambo Adolphe Lechaptois, Bambo Valentin Heurtebise ndi Bambo Joseph Mercui, pamodzi ndi Bulazala Antoine. Ulendo wao udakonzedwa mogwirizana ndi boma la Portugal, limene pa nthawiyo linkalimbirana dziko la kunyanja ndi Angerezi. Mu Januwale 1890 Angerezi adakakamiza Apwitikizi kuti achotse asilikali ao ku dera la Shire, ndipo amishoni aja adatsala ngati ana amasiye. Mponda adali Msilamu, ndipo mtima wake udali pa nkhondo ndi pa malonda. Abambowo adatsekula kasukulu, ankapereka mankhwala kwa odwala, adaphunzira chiyankhulo cha anthu. Koma mu Juni 1891 adanyamuka osasiya mpingo m'mbuyo mwao, napita ku Mambwe, kumpoto kwa Zambia wa lero.

Tisafulumire kunena kuti a pa Mvera adali akhama kuposa a kwa Mponda. Bambo Lechaptois ndi anzao adali anthu a mapemphero, opirira malungo ndi kusungulumwa. Chimene chidawapweteka kwambiri nchakuti adafika atatsamira pa boma lachilendo, ndipo boma lija litagonja pa mkangano wa malire, iwo adasowa pogwira. Patapita zaka makumi atatu, mu 1919, Papa Benedict XV adalemba kalata yochenjeza amishoni onse kuti asasakanize ntchito ya Kristu ndi zofuna za maiko akwao. Chenjezo limeneli silidakalambe. Mbendera ya Portugal kulibe kuno, koma alipo andale amene amabwera ndi malata ndi matumba a simenti chisankho chikayandikira; alipo olemera amene amafuna kuti tchalitchi chizidziwika ndi dzina lao. Mphatso njabwino, ndipo woipereka tiyenera kumthokoza. Koma mpingo umene wagona pa phewa la munthu mmodzi umagwa tsiku limene munthuyo wapunthwa.

Komabe thukuta la kwa Mponda silidapite pachabe. Kuchokera ku Mambwe kuja, Abambo Oyera adalowa pakati pa Abemba, namanga Kayambi mu 1895 ndi Chilubula mu 1899, motsogozedwa ndi Ambuye Joseph Dupont, amene anthu adawatcha Motomoto. Ndipo kuchokera kumeneko ndiko adabwereranso kuno kwathu. Katekisti amene mwakhala mukuitana anthu a mudzi wina kwa zaka ziwiri, koma pa Sabata mumapeza anthu asanu okha, musataye mtima. Nafenso Akatolika tidayamba ndi mishoni imene idatsekedwa.

KONGWE, M'DZIKO LA MSAKAMBEWA

Mu 1894 Mbusa Robert Blake adatsekula mishoni ina pa Kongwe, m'dziko la Mfumu Msakambewa. Dzina lake likumvekabe chifukwa cha sukulu ya sekondale ya Robert Blake imene ili pamalopo. Monga zidachitikira pa Mvera, ntchito idayamba ndi chilolezo cha mfumu, pakuti mlendo salowa m'mudzi osalonjera eni ake. Mafumu a nthawi imeneyo adali ndi zifukwa zaozao zolandirira amishoni. Boma la Angerezi lidali litalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo mfumu yanzeru inkaona kuti mzungu wokhala pafupi angathe kuthandiza pa zokambirana ndi bomalo. Kudalinso nsalu, mankhwala ndi ulemu wokhala ndi mlendo wotere pakhomo. Chilolezo cha mfumu chidatsekula njira, koma sichidatembenuze mitima. Akuluakulu ambiri, makamaka a mitala, adakhalabe m'miyambo yao. Amene adayamba kubwera adali anyamata ndi atsikana ofuna kuwerenga, antchito a pamishoni, amai, ndi anthu ena amene m'mudzi sankawerengedwa.

Chida chachikulu cha amishoni a Dutch chidali sukulu ya m'mudzi. Mphunzitsi ankatumidwa kukakhala pakati pa anthu, kulima munda wake ngati wina aliyense, kuphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba, kutsogolera mapemphero, ndi kukonzekeretsa ofuna ubatizo. Nthawi ndi nthawi ankabwerera kumishoni kukaonjezera maphunziro ake. Aphunzitsi oyambirira adachokera ku mishoni ya Livingstonia, ndipo pambuyo pake ana a m'mapiri momwemu adatenga ntchitoyo. Mzungu ankafika m'mudzi kamodzikamodzi. Amene anthu ankamuona tsiku ndi tsiku, pamaliro, pamilandu ndi pamatenda, adali mphunzitsi. Anthu ankayesa chipembedzo chatsopanocho poyang'ana m'mene iye ankakhalira ndi mkazi wake ndi anansi ake.

Chitsanzo chodziwika bwino cha m'mene mbeu idamerera ndi Msyamboza, nyakwawa ya ku Chibanzi m'boma lomweli la Dowa, amene adalandira sukulu m'mudzi mwake, natembenuka mtima, nalimbikitsanso ulimi watsopano pakati pa anthu ake. Mbiri yake adailemba Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi mu 1949. Pamene mwini mudzi adautenga Mthenga Wabwino ngati wakewake, ntchito idayenda popanda womkankha.

Chinanso chochititsa chidwi nchakuti mpingo wa pa Kongwe sudadikire kukula usanayambe kutuma ena. Mlaliki wina wochokera pa Kongwe ndiye adakafika kwa Mfumu Mpezeni kukapempha njira, ndipo mu 1899 mishoni ya Magwero idatsekulidwa pafupi ndi Chipata wa lero. M'menemo ndimo mudachokera mpingo wa Reformed wa ku Zambia. Kuno kwathu mishoni zina zidatsatira: Nkhoma mu 1896, kumene likulu lidasamukira pambuyo pake, Mlanda mu 1902, ndi zina monga Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi. Pa nkhani ya chiyankhulo, Mbusa William Murray, amene adafika mu 1894, adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lonse, mothandizana ndi amishoni ena ndi Amalawi odziwa chiyankhulo chao, mpaka Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922. Munthu wa pa Kongwe adatha tsono kumva Mulungu akuyankhula m'mau a amai ake.

AKATOLIKA ABWERANSO

Pa 25 Julayi 1901 Abambo a Montfort adafika ku Nzama, kwa Mfumu Njobvuyalema m'boma la Ntcheu, ndipo kuyambira tsiku limenelo Eklezia Katolika sadachokenso m'Malawi. Mu 1902 Abambo Oyera adamanga pa Chiwamba, kufupi ndi mapiri a Dowa, koma chaka chotsatira adasamukira ku Likuni. Pa 13 Seputembala 1902 adatsekula Mua, mu 1903 Kachebere, ndipo mu 1910 Bembeke. M'boma la Dowa mishoni yathu idakhazikika ku Nambuma mu 1928, pa nthawi ya Ambuye Episkopi Mathurin Guillemé. Ndiye kuti pamene Nambuma inkatsekulidwa, Kongwe idali itatha kale zaka 34. Maparishi ena amene tikuwadziwa lero, monga Mpherere ku Ntchisi, Mtengowanthenga, Madisi, Mponela ndi Nanthomba, adabwera pambuyo pake.

Kadinala Lavigerie adasiyira ana ake malamulo awiri amene adaumba Eklezia wa m'chigawo chino. Loyamba lidali lakuti aphunzire chiyankhulo cha anthu ndi kuchiyankhula ngakhale pakati pa iwo okha. Lachiwiri lidali lakuti munthu wamkulu asabatizidwe asanaphunzire zaka zinai. Wofuna ubatizo ankadutsa m'magawo. Pa gawo lina ankalandira mendulo, pa gawo lina mtanda, ndipo pa gawo lililonse ankayesedwa pa katekisimu ndi pa makhalidwe ake omwe. Ambiri ankatopa nabwerera. Kwa munthu wofuna kuwerenga mitu ya anthu, lamulo limeneli lidali lochedwetsa ntchito. Koma agogo athu amene adapirira zaka zinaizo ndiwo adasunga chikhulupiriro m'midzi imene wansembe ankafikako kawiri kapena katatu pa chaka. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo monga zidaliri pa Kongwe, amene adasenza katundu wolemera adali akatekisti ndi aphunzitsi a m'midzi. Iwo ndiwo ankaimba belu kapena kumenya chitsulo m'mawa, kuphunzitsa mapemphero, kubatiza odwala kwakayakaya, kuika maliro, ndi kuyenda mitunda pansi kukaitana wansembe. Amai nawo sadatsalire: mu 1929 Ambuye Guillemé adayambitsa chipani cha Masisitere a Tereza Woyera, ana a dziko lino, ndipo pakati pa Achewa, pamene ana amakulira kuchikazi, mai wopemphera ankakoka mbumba yonse. Mabuku a mbiri adasunga maina a ansembe ndi madeti a mishoni, koma maina a akatekisti ambiri adatsalira m'mitima ya adzukulu ao okha.

CHILONDA CHA MPIKISANO

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siikondweretsa, koma kuibisa sikungatithandize. Amishoni a Dutch ndi Abambo Oyera adakhala zaka zambiri akulimbirana midzi. Aliyense ankathamangira kwa nyakwawa kukapempha malo a sukulu mnzake asanafike. Nthawi zina masukulu awiri ankamangidwa moyang'anana, pamene midzi ina yakutali idalibe ndi imodzi yomwe. Boma la atsamunda linkalandira madandaulo kuchokera mbali zonse ziwiri. Mikangano imene idabadwira ku Ulaya zaka mazana anai m'mbuyomo idatsitsidwa pa mitu ya anthu amene sadaiyambe, ndipo abale a bere limodzi adayamba kuonana ngati adani chifukwa wina adaphunzira kwa Adachi, wina kwa Aroma. Ena mwa inu mukukumbukira maukwati amene adavuta ndi maliro amene adagawa banja pachifukwa chimenechi.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatiphunzitsa mu 1964 kuti onse obatizidwa mwa Kristu ndi abale athu, ndipo kuti kugawikana kwa Akristu kumapunthwitsa anthu ofuna kukhulupirira. Zipatso za chiphunzitso chimenechi zidaoneka ngakhale pa Baibulo. Ife Akatolika tidali ndi Malembo Oyera, amene adatuluka mu 1966 mwa khama la Bambo Louis Villy, pamene anzathu adali ndi Buku Lopatulika. Koma mu 1998 lidatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi a mipingo ina adalimasulira pamodzi. Tsono amene mukuyambitsa mphakati m'mudzi momwe muli kale abale a CCAP kapena Aangilikani, phunzitsani chikhulupiriro cha Chikatolika chonse, momveka ndi mosachita manyazi, koma musamange nyumba yanu ndi njerwa zogumula kwa mnzanu. M'mudzi uliwonse alimo anthu amene sapita ku tchalitchi chilichonse. Yambani ndi amenewo.

Mishoni zonse ziwiri zidalimbananso ndi gule wamkulu, makamaka m'zaka za m'ma 1920, pamene sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo. Panali zinthu zimene Mthenga Wabwino sukadatha kugwirizana nazo, ndipo zilipobe. Koma kawirikawiri chiweruzo chinkatsogola, kumvetsa nkumabwera pambuyo, ndipo midzi yathunthu idatseka makomo ake kwa zaka zambiri. Pambuyo pake mipingo idazindikira kuti ukachotsa chinthu m'moyo wa anthu uyenera kuikapo china. A Nkhoma adakhazikitsa chilangizo cha Chikristu m'malo mwa chinamwali, ifenso tili ndi alangizi m'maparishi athu. Ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni ku Mua, osungirako ndi kuphunzirirako miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Katekisti amene amadziwa chifukwa chake anthu amachita mwambo wakutiwakuti amatha kuyankhula nao mowafika pamtima, ngakhale pamene akuwadzudzula.

KUCHEDWA KUSIYIRA ANA A PAKHOMO

Tiyeni tiwerenge zaka. Mvera idayamba mu 1889, koma abusa oyamba achimalawi a mpingowo, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, adadzozedwa mu 1925, patapita zaka 36. Mu 1926 mpingowo udalowa mu CCAP, imene a Livingstonia ndi a Blantyre adaiyambitsa mu 1924, ndipo ulamuliro wonse udaperekedwa m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma mu 1962. Kumbali yathu, Abambo Oyera adabwerera mu 1902, koma wansembe woyamba wachimalawi, Bambo Cornelio Chitsulo, adadzozedwa mu 1937, patapita zaka 35. Seminale yaikulu ya Kachebere idatsekulidwa mu 1939, ndipo Bambo Chitsulo omwewo adasankhidwa mu 1956 kukhala episkopi wa Dedza, woyamba mwa ana a dziko lino.

Zifukwa za kuchedwaku zidalipo. Unsembe umafuna maphunziro aatali, ndipo pa nthawiyo onse ankachitika m'Chilatini. Koma padalinso mantha a woyambitsa ntchito, amene amaona ngati mwana wake sadakule ngakhale mwanayo atamera imvi. Mantha amenewa adabala zowawa m'malo ena. Kumpoto, Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba a Livingstonia amene adadzozedwa mu 1914, adatuluka mu mpingowo mu 1933 nayambitsa wakewake, atatopa ndi kuchitidwa ngati mwana. Mipingo ingapo ya m'dziko muno idabadwa m'njira yotereyi.

Matenda amenewa sagwira azungu okha. Alipo atsogoleri a miphakati amene akhala pampando zaka makumi awiri, makiyi a tchalitchi ali m'thumba mwao, buku la ndalama lili kunyumba kwao, ndipo wachinyamata akafunsa funso amatchedwa wamwano. Munthu wotere angakhale adagwira ntchito yaikulu poyamba, ndipo tiyenera kumlemekeza. Koma ngati sakonzekeretsa womlowa m'malo, akuphwasula ndi dzanja lamanzere chimene adamanga ndi lamanja.

MPINGO NDIFE TONSE

Mu 1969 Papa Paul VI ali ku Kampala adauza Akristu a mu Africa kuti nthawi yakwana yoti akhale amishoni a iwo eni. Mu dayosizi yathu ya Lilongwe mau amenewa adapeza wowagwiritsa ntchito. Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua wobadwa mu 1933, adakhala episkopi mu 1972, kulowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady. Kuyambira mu 1973 mpaka mu 1975 adaitanitsa sinodi ya dayosizi, imene zokambirana zake zidayambira m'midzi, nkukwera ku nthambi, ku maparishi, mpaka ku dayosizi. Mfundo yake idali yakuti mpingo ndife tonse, ndipo kuti Eklezia wokhwima ayenera kudzitumikira yekha, kudzifalitsa yekha ndi kudzidalira yekha pa chuma. M'menemo ndimo mudabadwira miphakati monga tikuidziwira lero. Aepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lao la AMECEA, adagwirizana pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976 kuti timagulu ta Akristu totere tikhale maziko a ntchito yonse ya utumiki.

Ntchitoyi idali ndi mtengo wake. Boma la nthawi imeneyo, la chipani chimodzi, lidakayikira misonkhano ya anthu m'midzi imene silinkaiyang'anira, ndipo mu 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko. Adatula udindo mu 1979, ndipo Ambuye Mathias Chimole adatenga malo ao. Adabwerera kwao patapita zaka zambiri, naphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndipo adamwalira mu 2012. Koma miphakati siidathe pamene mwini maganizo adachoka, chifukwa idali itakhala kale ya anthu. Apa ndi pamene ntchito ya woyambitsa imayesedwera: iye akachoka, chimatsala nchiyani?

ZOTSALIRA IFE

Lero aliyense angathe kuyambitsa mpingo. Ngakhale pa msasa wa Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, pamene othawa nkhondo a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena akhala akulandiridwa kuyambira mu 1994, pali mipingo yambirimbiri imene anthu adaiyambitsa pofuna chitonthozo cha Mulungu kuchilendo. Sitiyenera kunyoza ludzu limeneli. Koma mbiri imene tamvayi itithandiza kusiyanitsa kubzala ndi kung'amba. Murray ndi Blake adatumidwa ndi mpingo wao; Bambo Lechaptois adatumidwa ndi Eklezia; mlaliki wa pa Kongwe uja adapita kwa Mpezeni akadali mwana wa mpingo wake. Wobzala amapita kumene kulibe, ndipo amakhala wokonzeka kufotokoza za ntchito yake kwa amene adamtuma. Wong'amba amatenga nkhosa za m'khola lomwe adakuliramo, kawirikawiri chifukwa cha mpando, ndalama kapena mlandu umene sadafune kuukamba. Paulo Woyera adakumana ndi zotere ku Korinto, pamene Akristu ankadzigawa potsata maina a aphunzitsi ao, ndipo m'mutu wachitatu wa kalata yake yoyamba adawakumbutsa kuti wobzala ndi wothirira onse ndi antchito chabe, mwini munda ndi Mulungu.

Choncho pamene mphakati wanu wakula ndipo mukufuna kuugawa, kapena pamene mukuganiza zomanga tchalitchi cha nthambi, khalani pansi ndi bambo mfumu wa parishi ndi akuluakulu a mpingo, ndipo mudzifunse mafunso amene mbiri yatisiyira. Kodi ntchitoyi yatsamira pa yani, pa zopereka za tonse kapena pa thumba la munthu mmodzi? Kodi eni mudzi tawalonjera? Kodi amene tikuwabatiza tawaphunzitsa mokwanira? Kodi ndalama zimawerengedwa pamaso pa anthu ndi kulembedwa m'buku limene aliyense angathe kuliona? Kodi tikukonzekeretsa yani, mwa amai ndi achinyamata, woti adzatsogolere ife tikatopa? Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba ya Mulungu ndilo lolemera koposa.

Kwa inu akatekisti, dziwani kuti mu 2021 Papa Francis adakhazikitsa ukatekisti ngati utumiki wovomerezeka mu Eklezia yense. Chimene Roma adachilemba pa pepala chaka chimenecho, midzi ya Dowa ndi Ntchisi idachidziwa kale kuyambira masiku a agogo athu. Kwa inu makolo, pali ntchito imodzi yosafuna ndalama imene mungaigwire mwezi uno. Pitani kwa nkhalamba za mu mphakati wanu, muzifunse kuti adayamba kuphunzitsa mapemphero m'mudzi mwanu ndani, ankasonkhana pansi pa mtengo uti, ndipo oyamba kubatizidwa adali ayani. Ana anu alembe mainawo m'kope, kope limenelo lisungidwe ku tchalitchi, ndipo m'mwezi wa Novembala, pamene timapempherera mizimu ya omwalira, mainawo awerengedwe pamaso pa mpingo wonse.

Ambuye Yezu Kristu, amene adatuma ophunzira ake awiriawiri m'midzi ya ku Galileya, adalitse onse amene adabzala Mau ake m'mapiri ano, Akatolika ndi abale athu a mipingo ina, ndipo atipatse ife mtima wodekha ndi wodzichepetsa kuti tisamale munda umene tidaupeza wolimidwa kale. Amai Maria, Amai a Eklezia, atipempherere. Amen.